Mchere, mwaye ndi dzimbiri: kusankha zotsukira ndi mafuta a mfuti

Pa nthawi ya nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse zija, msilikali wa Britain akachoka kowombera sankayamba ndi oyilo. Mumpope wa mfuti yake ya Lee-Enfield ankathiramo madzi owira, kudzera pa fanulo yolowetsa chakumbuyo, kenako n'kuumitsamo ndi kansalu kokoka ndi chingwe. Oyilo ankabwera pomaliza. Mfuti ya .303 imeneyi (nambalayi ikusonyeza kukula kwa chipolopolo chake) ndi yomwenso azigogo athu a King's African Rifles anapita nayo mpaka ku Burma. Womva koyamba amagwira pakamwa: nanga madzi si amene amabweretsa dzimbiri pa chitsulo?

Chifukwa chake chinali kuthako kwa chipolopolo. Pamenepo pali kabatani kamene kamayatsa wonga kakagogodedwa, ndipo m'zipolopolo za nthawi imeneyo kabataniko kankakhala ndi mankhwala a potassium chlorate. Mankhwalawa akapsa amasiya potassium chloride, amene ndi mchere, m'bale wake wa mchere wa m'ndiwo. Aliyense amene anasiyapo mchere pambale mu Januwale akudziwa zimene umachita: umakoka chinyezi n'kunyowa wokha. Mumpope umachitanso zomwezo. Ndiye vuto n'lakuti mcherewu susungunuka mu oyilo. Mukapaka oyilo pamwamba pake mwangoufunditsa, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kunsi mwakachetechete. Amene anasonyeza zimenezi momveka bwino ndi Wilbert Huff wa ku Bureau of Mines ya ku America, mu 1922. Chosungunula mchere ndi madzi, ndipo owira ndi abwino chifukwa amatenthetsa mpope n'kuuma msanga.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa funso limene eni mfuti ambiri amafunsa, lakuti oyilo wabwino kuposa onse ndi uti, n'losayambira poyenera. Mlimi wa chifefe chokhala ndi chiphaso cha apolisi, mlonda wa nyama ku Liwonde kapena ku South Luangwa, mlonda wa kampani, onsewa ayenera kuyamba adzifunsa kuti: mumfuti mwanga muli litsiro lanji, ndi zitsulo ziti zimene zikukhulana, nanga mfutiyi ikukhala m'nyengo yotani? Dzina la pabotolo limabwera pambuyo.

Tisanakhudze botolo lililonse: chotsani zipolopolo zonse, kuphatikizapo chimene chingakhale chalowa kale m'chipinda chake chakumbuyo kwa mpope, yang'anani ndi maso ndiponso gwirani ndi chala, ndipo zipolopolozo zikhale m'chipinda china cha nyumba kufikira mutamaliza. Anthu afa potsuka mfuti imene ankati ilibe kanthu.

Ntchito ndi zitatu, ndipo zimakokerana

Pali kutsuka, pali kufewetsa zitsulo zokhulana, ndiye pali kuteteza ku dzimbiri. Chotsukira chabwino chimakhala chamadzimadzi, cholowerera m'ming'alu, chosungunula litsiro, ndipo kawirikawiri chimauma n'kusiya chitsulo chili mbee. Chofewetsa chimafunika chikhale pomwe mwachiika, chisathawe mfuti ikatentha kapena zitsulo zikapanikizana. Choteteza chimafunika chimate pachitsulo ngati kakhungu kotchinga mpweya ndi chinyezi kwa miyezi. Chinthu chimodzi sichingakhale chothawa msanga komanso chomamatira nthawi imodzi. N'chifukwa chake mankhwala aliwonse olonjeza ntchito zonse zitatu amachita iliyonse mwapakatikati.

Mankhwala otere alipo, ndipo si oipa. Asilikali a ku America amagwiritsa ntchito otchedwa CLP, zilembo zoimira ntchito zitatu zomwezi, ndipo muyezo wake ndi MIL-PRF-63460. Njira yofikira pamenepo inali yowawa. Mfuti ya M16 itafika ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, asilikali ambiri anailandira popanda zipangizo zokwanira zotsukira, pali mbiri yakuti imadzitsuka yokha. Nthawi yomweyo wonga wa zipolopolo zake unali utasinthidwa, ndipo watsopanowo unkasiya litsiro lambiri. M'chinyezi cha m'nkhalango chipinda cha chipolopolo chinkachita dzimbiri, makoko a zipolopolo n'kumakanirira momwemo nkhondo ili mkati. Mu 1967 komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America yotsogozedwa ndi Richard Ichord inafufuza nkhaniyi. Panabwera zotsukira, oyilo woyenera, ndi chipinda cha chipolopolo chokutidwa ndi chitsulo cha chromium. Kwa msilikali amene katundu yense ali kumsana, botolo limodzi lochita zonse n'lanzeru. Ballistol wa ku Germany, amene anapangidwa mu 1904, anayambanso ndi maganizo ofanana: mafuta amodzi osamalira chitsulo, mtengo ndi chikopa. Koma inu amene muli ndi tebulo kunyumba simukukakamizika kudalira botolo limodzi.

Litsiro la mumpope si la mtundu umodzi

Loyamba ndi mwaye wa wonga. Umada ngati wa kunsi kwa mphika, ndipo ukakhala nthawi umauma gwa, makamaka pomwe mpope ukuyambira. Uwu umachoka ndi zotsukira wamba monga Hoppe's No. 9, imene Frank Hoppe anapanga mu 1903, kapena CLP, ngakhalenso palafini woyera. Chinsinsi chake ndi kudekha. Nyowetsani mpope, usiyeni mphindi 10 kapena 15, kenako mupititse burashi ya mkuwa ndi tinsalu mpaka tizituluka toyera. Mankhwala akapatsidwa nthawi, dzanja siligwira ntchito yambiri, ndipo mpope supweteka.

Lachiwiri ndi kopa. Mitu ya zipolopolo za mfuti zazitali imakutidwa ndi chitsulo chokhala ndi kopa wambiri, ndipo ikamathamanga mumpope imasiyamo timizere tofiirira. Palafini ndi CLP sachita kanthu kwenikweni pa kopa. Pamafunika mankhwala ake, ndipo ambiri akale amakhala ndi amoniya, monga Sweet's 7.62 wa ku Australia. Mudzadziwa kuti akugwira ntchito kansalu kakatuluka kobiriwira ngati buluu. Apa pali misampha iwiri. Burashi ya mkuwa nayo ili ndi kopa, ndiye mukaiviika m'mankhwalawa kansalu kazingotulukabe kabuluu ngakhale mpope utayera kale, burashi yanu ikutha. Gwiritsani ya nayiloni. Winanso ndi nthawi. Amoniya wamphamvu sasiyidwa mumpope kupitirira zimene zalembedwa pabotolo, kawirikawiri mphindi zosaposa 15, ndipo akachoka chitsulo chimatsala chopanda chitetezo chilichonse, choncho oyilo alowemo nthawi yomweyo. Asadontherenso pamfuti yokutidwa ndi nickel, chifukwa kunsi kwa nickel nthawi zambiri kumakhala kopa, ndipo akadyeka khungu lonyezimiralo limasupuka. Ine ndimaona kuti ambiri amalimbana ndi kopa mopitirira muyezo. Mfuti yowomba zipolopolo zochepa pachaka sifunika amoniya mwezi ndi mwezi. Dikirani mpaka kulunjika kwake kutayamba kusintha kapena timizere titaoneka bwino.

Lachitatu ndi mtovu, umene umatsalira m'mfuti za .22, m'mapisitoli ena ndi m'chifefe. Mtovu susungunuka mosavuta. Umachoka pokhula ndi burashi ya mkuwa mpope utanyowetsedwa ndi oyilo wolowerera. Pa intaneti pamayenda malangizo osakaniza viniga ndi mankhwala a pachilonda a hydrogen peroxide kuti asungunule mtovu. Musayese. Madzi otsalawo amakhala poizoni wa mtovu, komanso viniga amachotsa mtundu wakuda wa chitsulo cha mfuti. M'chifefe mumatsalanso pulasitiki wa kachikho konyamula timachaka, amene amamatirira mumpope. Zotsukira wamba ndi burashi zimamuchotsa.

Lachinayi ndi mchere uja. Zipolopolo zamakono za alenje zilibe vutoli. Koma zakale za asilikali, za .303, ndiponso zambiri za 7.62x39 ndi 7.62x54R zochokera kumayiko a kum'mawa kwa Ulaya ndi China, zili nalo. Ngati simukudziwa mbiri ya zipolopolo zimene mwapatsidwa kuntchito, zitengeni ngati zamchere: madzi otentha tsiku lomwelo, kuumitsa, kenako oyilo. Pa mfuti yoyendera mpweya wa wonga monga AK-47, mcherewo umafikanso pa pisitoni ndi m'paipi yake, osati mumpope mokha. Ballistol amasakanizika ndi madzi n'kuyera ngati mkaka, ndipo ambiri amamukonda pa ntchitoyi chifukwa madzi akauma pamatsala kamafuta. Wonga wakuda wa mfuti zolongera kukamwa, ngati gogodela wa makolo athu, umasiyanso litsiro lokoka chinyezi, ndipo mankhwala ake ndi omwewo: madzi ndi sopo pang'ono.

Zimene zili kale pakhomo

Mabotolo a mayina ndatchulawa sapezeka pagolosale iliyonse, ndipo akapezeka mtengo wake si wamasewera. Ndiye tikambe za zimene munthu wa ku Mchinji kapena ku Petauke angazipeze.

Oyilo wa makina osokera ndi wabwino: ndi wopepuka, woyera, sachita ulimbo msanga. Pa tizitsulo ting'onoting'ono ndi popukutira kunja akukwana. Kufooka kwake n'kwakuti amathawa pomwe pali kutentha ndi kukhulana kwambiri. Pamenepo oyilo watsopano wa injini ya galimoto, makamaka wa synthetic, amachita bwino kuposa mmene ogulitsa oyilo wa mfuti angafunire kuvomera. Iyeyu anapangidwira malo otentha, a mwaye, a zitsulo zopanikizana kwa maola ambiri. Chimene sachita bwino kwenikweni ndi kuteteza chitsulo chokhala pamtunda kwa miyezi, popeza m'injini amakhala motsekeka. Koma ndikunena watsopano. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'injini, uja ena amapaka pamitengo ya denga poopa chiswe, ali ndi asidi, mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo ndi woipa pakhungu la munthu. Asayandikire mfuti.

Mafuta ophikira ndi amene ndimawadandaula kwambiri, chifukwa tsiku loyamba amaoneka ngati agwira ntchito. Mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza akakhala pampweya amasintha pang'onopang'ono n'kusanduka ulimbo, ngati zomata zachikasu zija zimene zimakanirira m'mbali mwa chiwaya cha tchipisi. Ulimbo umenewo ukagwira kamsomali kogogoda chipolopolo, mfuti imakana tsiku limene njati yatembenuka.

WD-40 anthu amamuyesa oyilo, koma ntchito imene anapangidwira ku San Diego mu 1953 inali yothamangitsa madzi pachitsulo. Mfuti ikavumbwa ndi mvula kutchire, kumupopera ndi thandizo lenileni. Mukafika kunyumba mupukuteni n'kuika oyilo woyenera, chifukwa gawo lake lalikulu limauma, ndipo kotsalako n'kopyapyala kwambiri moti sikangafewetse zitsulo zokhulana mwamphamvu.

Petulo ayi. Nthunzi yake imayaka ndi kamoto kochepa, ngakhale ka mbaula imene ili patali. Mankhwala opopera otsukira mabuleki amachotsa mafuta onse mwachangu, koma amawononga vanishi wa mtengo ndi mapulasitiki ena, ndipo a mtundu wokhala ndi chlorine akakhudza chitsulo chotentha kwambiri amatulutsa mpweya wa phosgene, umene unapha anthu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mukawagwiritsa ntchito pakhale panja, pa zitsulo zokha zozizira, ndipo oyilo atsatire pompo.

Oyilo kapena girisi

Akatswiri ambiri amatsata lamulo losavuta: chozungulira pa kachitsulo chipatseni oyilo, chotsetsereka pa chinzake mopanikizana chipatseni girisi. Girisi ndi oyilo yemweyo wogwiridwa ndi sopo wa chitsulo monga lithium kuti asayende. Mfuti ya M1 Garand ya asilikali a ku America inaphunzitsa zimenezi: mvula inkakokolola oyilo, mfuti n'kumakana, mpaka anayamba kupereka timabotolo ta girisi. Pa chifefe chothyola pakati, polumikizira pamene mpope umapindikira pamafuna kagirisi kochepa ngati kambewu ka mpunga, kopukutidwa ndi kuikidwa katsopano kawirikawiri, chifukwa girisi wosakanizika ndi mchenga amanola chitsulo. Girisi wamba wa lithium wa mabering'i akukwana. Wokhala ndi graphite, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, asapite pa mfuti ya aluminiyamu monga M16, chifukwa pakakhala chinyezi graphite amadyetsa aluminiyamu.

Za fumbi pali mkangano wakale, ndipo ukutikhudza ife amene timadziwa Okutobala wa ku Chikwawa. Nzeru yofala imati oyilo amakoka fumbi, choncho mfuti ikhale youma. Theka lake n'loona. Kunja kwa mfuti kukhale kouma ndithu m'chilimwe. Koma mkati, mayeso a fumbi amene asilikali a ku America anachita ku Aberdeen m'dziko lawo cha mu 2007 anasonyeza kuti mfuti za M4 ndi M16 zothiridwa oyilo wokwanira zinkakana mocheperapo kwambiri kusiyana ndi zongopakidwa pang'ono. Fumbi lidzalowabe, oyilo amalisandutsa phala lotsetsereka, pomwe pouma limagwira zitsulo. Izi n'za mfuti zodzilonga zokha. Mfuti yokoka ndi dzanja kapena chifefe chothyola sizifuna oyilo wochuluka chotero. Kuzizira kumene kumalimbitsa oyilo mpaka mfuti kukana n'kwa mayiko a chipale. Kwathu kuno, ngakhale pa Nyika mu Julayi, chongofunika n'kusadzaza girisi wolemera m'kati mwa zogogodera.

Kumene oyilo safunika

Gawo ili ndi limene ndingakonde mulikumbukire koposa, chifukwa oyilo wochuluka wawononga mfuti zambiri.

Mumpope ndi m'chipinda cha chipolopolo muzikhala mouma pomwe mukuwomba. Chipolopolo chikaphulika, khoko lake limafufuma n'kugwira makoma a chipindacho kwa kanthawi kochepa, ndipo kugwirako kumachepetsa mphamvu yokankhira kumbuyo. Makomawo akakhala oterera, mphamvu yochuluka imagwera pa chitsulo chotsekera, chimene chili kutsogolo kwa nkhope yanu. Oyilo kapena girisi wambiri mumpope amatchinga njira ya chipolopolo, ndipo mpope utha kutupa. Choncho oyilo amene mwasungira mfuti achotsedwe ndi kansalu kouma musanapite kutchire.

M'kanjira ka kamsomali kogogoda muzikhala moyera ndi mouma, kapena mongonyowa pang'ono kwambiri. Oyilo mmenemo amasonkhanitsa mwaye, kamsomali n'kumagogoda mofooka, kapena kukanirira kutsogolo, zomwe n'zoopsa kwambiri. Opanga pisitoli ya Glock amaletseratu kuthiramo oyilo. Pisitoni ya mpweya wa wonga nayo imagwira ntchito youma, popeza oyilo pamenepo amapsa n'kusanduka mwaye wouma. Zipolopolo sizipakidwa oyilo. Wolowerera atha kufika m'kati n'kupha wonga kapena kabatani kake.

Mtengo wa mfuti umadana ndi oyilo wa makina. Mfuti yothiridwa oyilo wambiri ikaimikidwa kukamwa kuli m'mwamba, oyiloyo amatsika n'kulowa mumtengo pomwe ukukumana ndi chitsulo. Pakapita zaka pamada, pamafewa, kenako pamang'ambika. Zifefe zakale zambiri zili ndi banga lakuda limenelo. Mukapaka oyilo, iimikeni kukamwa kuli pansi, pakansalu. Mtengo uli ndi mafuta ake, a linseed, amene amauma n'kulimba. Khalidwe lomwe limaipitsa mafuta a zomera pachitsulo ndi limene limawakometsa pamtengo. Nsalu yonyowa ndi linseed musaiunjike, itha kuyaka yokha. Iyanikeni panja yotambasula.

Mfuti ya mpweya, imene ambiri amayamba nayo, ili ndi lamulo lakelake. Ya sipuling'i imapanikiza mpweya mwachangu mpaka kutentha, ndiye oyilo wamba akalowa m'chipinda chopanikiziramo amaphulika ngati m'injini ya dizilo, n'kuwononga sipuling'i ndi labala wake. Pa yopopera mpweya wamphamvu m'thanki, oyilo wa mtundu wa petulo asafike konse komwe kuli mpweyawo. Kumeneko kumalowa silicone yekha, pang'ono, amenenso sathandiza pa chitsulo chokhula chinzake.

Mdani wathu weniweni

Mfuti ya mlimi kapena ya mlonda mwina siwomba zipolopolo zokwana bokosi limodzi pachaka. Sidzatha ndi kukhulana. Idzatha ndi dzimbiri, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo msanga kwambiri ku Nkhata Bay, ku Mulanje ndi kulikonse kumene chiperoni chimafika. Mtundu wakuda wa pachitsulo cha mfuti nawo ndi dzimbiri la mtundu wina, lakuda, lopyapyala kwambiri, ndipo palokha siliteteza mokwanira. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira oyilo. Ngakhale chitsulo cha stainless chimachita dzimbiri, kungoti mochedwa. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, n'chifukwa chake pamfuti yosapukutidwa pamaoneka chidindo chofiira cha chala.

Ndiye ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha chogula, ine ndingasankhe choteteza ku dzimbiri chabwino, CLP kapena Ballistol, n'kusiya palafini atsuke, oyilo wa injini afewetse. Sungani kansalu kofewa konyowa ndi oyilo m'kachitini kotseka, ndipo nthawi iliyonse mwagwira mfuti muipukute musanaibwezere. Posunga miyezi yambiri pakani girisi wopyapyala kapena phula. M'nyumba zosungira zinthu zakale amagwiritsa ntchito Renaissance Wax, amene anachokera ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Chikwama cha nsalu, cha siponji kapena cha chikopa n'chonyamulira, si chosungira: chimamwa chinyezi n'kuchigoneka pachitsulo. M'sefa yokhoma ikanimo timapaketi tokoka chinyezi ta silica gel, ndipo muzitiumitsa pa kutentha kochepa tikakhuta.

Dzimbiri likayamba kuoneka ngati timadontho tofiira, musathamangire sandipepa. Nyowetsani ndi oyilo, musiye usiku wonse, m'mawa mupukute mofatsa ndi waya wotsukira (steel wool) wofewa kwambiri wa nambala 0000, nayenso wonyowa ndi oyilo. Potsuka mpope, lowerani kumbuyo ngati mfuti ikulola, ndipo chingwe kapena ndodo isakhule m'mphepete mwa kukamwa, chifukwa pamenepo pakadyeka mbali imodzi chipolopolo chimapatuka. Ma Lee-Enfield ambiri anawonongeka motero ndi chingwe chokokedwa mopendeka. Gwirirani ntchitoyi pamalo opita mphepo, valani magolovesi a nitrile, musadyere pomwepo, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena nsima, chifukwa litsiro la mumfuti lili ndi mtovu. M'nyengo ya mvula tulutsani mfuti m'sefa sabata ziwiri zilizonse, ngakhale simunaiwombe, muyang'ane mumpope moloza kowala ndiponso kunsi komwe chitsulo chagona pamtengo.